Laston ndi Matenda a Mabwana

Pa Mkanda panalibe amene sankamudziwa Laston. Ngakhale mlendo wongotsika kumene pa kabaza ankayamba kumumva asanamuone, chifukwa mkuluyu sankayankhula ndi munthu mmodzi, ankayankhula ndi msika wonse. Anali venda wogula mtedza ndi soya, wa sikelo yopachika pa mphanda, ndipo zaka zochepa zimene malonda anamuyendera zinamukwanira kuiwala kuti anabadwa wamaliseche ngati wina aliyense. Ankayenda atatukumula chifuwa ngati finye, makiyi a njinga yamoto akulira m'chiuno. Akamaseka ankayasamula kukamwa konse kuti anthu aone mano. Pa mano pokha tisamunamizire, Mulungu anamupatsa: oyera mbee, olingana bwino, a kampata pakati. Atsikana ankawatchula, mwini wake ankadziwa, ndipo galasi la njinga yake linkaona mano kuposa msewu.

Komatu Laston anali mwana wa tenanti. Makolo ake anachoka ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ina kuseri kwa Mkanda, ndipo chaka china cha njala, bwana atasiya kupereka phoso, banja lonse linapulumukira mango aawisi owiritsa ndi masamba a m'tchire. Wokwera m'mitengo anali Laston. Tsiku lina ana a manijala anamupeza ali m'mwamba, milomo ili utomoni wokhawokha, ndipo anayamba kumuimbira kuti nyani, nyani, tsika tikupatse nthochi. Zimenezi n'zomvetsa chisoni ndithu, ndipo munthu wina akanatulukamo ndi mtima wachifundo. Laston anatulukamo ndi lumbiro lopusa: akadzapeza ndalama, chobala pamtengo kapena chobiriwira chilichonse sichidzalowanso m'kamwa mwake.

Ndalama zinabweradi, ndipo lumbiro limeneli analisunga kuposa la ukwati. Zipatso ankati ndi za ana ndi anyani. Masamba ankati ndi a mbuzi. Mbatata ndi maungu zinali za alebala, tchipisi cha atsikana a sukulu. Mwamuna wopeza bwino, malinga ndi uthenga umene ankalalikira pa sikelo, amadya nyama, mazira, buledi ndi tiyi wamkaka, basi. Akafuna malalanje ankagula chakumwa cha m'botolo chamtundu wa lalanje chija, n'kuchikweza m'mwamba kuti onse aone.

“Awa ndiye malalanje a anthu otsogola,” ankatero. “Osati zosenda ndi zikhadabo ngati pusi.”

Anyamata amene ankamunyamulira matumba ankaseka, poti bwana akanena nthabwala umaseka ngakhale ili yozizira.

Amene anamusunga ndi moyo zaka zonsezo anali mkazi wake Veronika, wa ku Ludzi, mayi wosayankhulayankhula koma wa maso. Iye sankatsutsana naye. Ankangothira tomato wambiri mu nyama, kabichi n'kumudula mopyapyala kuti asowe mu msuzi, ndimu n'kufinyira pa nsomba mwamunayo asanalowe m'nyumba. Laston ankadya, n'kubiyola, n'kuuza alendo kuti thanzi lakeli ndi la nyama yokhayokha. Pa puloti imene anagula, Veronika anabzala mandimu, magwafa ndi mapapaya, ndipo panali mango awiri amene anawapeza kale. Mitengoyo itakula, ana a m'dera anayamba kudzatola zakugwa. Laston atawaona m'mawa wina anawawidwa mtima ngati waona mzukwa wa ubwana wake. Anaitana aganyu ndi nkhwangwa.

“Nyumba ya malata siyenera kuoneka ngati nkhalango,” anatero. “Pano ndiwakapo simenti.”

Veronika anayang'ana mitengo yake ikugwa umodziumodzi. Chimene chinamutopetsa kwenikweni chinachitika Chaka Chatsopano chitangodutsa. Kunabwera alendo, anzake a malonda ochokera ku Chipata, ndipo Veronika anaika pambali pa nkhuku kambale ka nkhwani wotendera, poganizira kuti alendo mwina amaukonda. Laston anatenga kambaleko n'kukakhuthulira galu alendowo akuona, kenako anafunsa mkazi wake ngati akufuna kuti anthu a ku Zambia azikanena kuti iye wagwa. Mawa lake Veronika anamanga katundu, anatenga mwana wawo Linda, n'kubwerera kwawo ku Ludzi. Ankhoswe atamufunsa anangoti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha.

Laston anati zili bwino, tsopano adya mwaufulu. Ndipo anadyadi. M'mawa buledi ndi tiyi, masana nyama yowotcha ya pa msika, madzulo usipa wouma wokazinga m'mafuta okha, kenako mowa. Tomato sanalowenso m'nyumbamo, poti wogula tomato ndi mkazi, ndipo mwamuna wa msinkhu wake sakanaima pa benchi n'kumasankha mulu. Dzinja lonse linatha choncho. Pamene anzake ankatafuna magwafa m'njira n'kumalavula njere, iye ankawayang'ana ngati akuyang'ana nkhumba.

Thupi silinachite phokoso poyamba. Anangoyamba kutopa. Munthu amene ankanyamula thumba la mtedza ndi dzanja limodzi pofuna kudzionetsera anayamba kukhala pa mpando n'kumangolozera. Kenako chimfine chinamugwira, ndipo mmene cha anthu ena chinkatha, chake chinkangosintha mphuno. Anapsa ndi paipi ya njinga pa katumba, kabala kakang'ono kamene mwana amapola nako sabata imodzi, koma kake kanakhala konyowa, kakutuluka madzi, ntchentche zikukatsata. M'miyendo munatuluka timadontho tofiirira ndi mikwingwirima ngati wamenyedwa, chonsecho palibe anamukhudza. Mawondo ankawawa. Zonsezi anazipirira, anavala thalauzi lalitali n'kumati ndi ntchito yachuluka.

Koma m'mawa wina, kuzizira kutayamba, anatsuka m'kamwa n'kulavula magazi. Anathamangira pa galasi la njinga. Nkhama zinali zitatupa, zofiira modera, zofewa ngati chiwindi, zikukwera pamwamba pa mano. Anakhudza dzino lakutsogolo ndi chala ndipo linagwedera. Anakhudza linzake, nalonso linavomera. Apo ndiye Laston anachita mantha enieni, mantha amene sanachite mkazi atachoka.

Munthu wotere akadwala sayang'ana m'mbale mwake, amayang'ana kwa adani. Anati ndi Veronika wamuchita chipongwe, kapena mavenda anzake ansanje. Anapita kwa sing'anga wina cha kumalire, amene anamutema mphini m'masaya, ndipo mphinizo nazo zinakana kupola. Anabwerako ndi mabala owonjezera ndi fungo la m'kamwa loti ogulitsa mtedza ankaima chapatali poyeza. Laston wa msika wonse uja anayamba kuyankhula ndi kampango pakamwa, motsitsa mawu. Potsiriza anakwera minibasi kupita ku chipatala ku Boma, njinga ataisiya chifukwa mwendo sunkalola.

Ali pa mzere anadzitonthoza ndi ganizo limodzi. Anali atamva kuti mabala osapola ndi chizindikiro cha shuga, ndipo shuga, monga aliyense pa Mkanda ankanenera, ndi matenda a mabwana. Mwini golosale wamkulu anali nayo. Mwini chigayo anali ndi bipi. Ngati kudwala n'kosathawika, bola kudwala pamodzi ndi anthu oyenera.

Dokotala anali mayi wachinyamata wooneka wotopa. Anamuyeza magazi, anamumanga lamba pamkono, anayang'ana miyendo, kenako anamuuza kuti ayasamule.

“Bambo, dzulo munadya chiyani?”

“Nyama.”

“Dzana?”

“Nyamanso. Ine adokotala si munthu wovutika ayi.”

“Chipatso munadya liti komaliza?”

Laston anafuna kuseka koma anakumbukira nkhama. “Ndili mwana.”

“Masamba? Tomato? Mbatata?”

“Zimenezo timasiyira ena.”

Dokotalayo anaika cholembera pansi n'kumuyang'ana.

“Bambo, ichi ndi chiseyeye, chobwera chifukwa chosowa vitamini C. Thupi silimupanga lokha vitamini ameneyu, komanso silimusunga nthawi yaitali. Amachokera mu zinthu zimene mukuti mumasiyira enazo. Akatha m'thupi, nkhama zimafewa, mabala sapola, magazi amatuluka pansi pa khungu, ndipo chitetezo cha m'thupi chimafooka. N'chifukwa chake chimfine chamanga msasa mwa inu. Mano awiri akutsogolowa akugwedera koma sanafe. Mukayamba lero, nkhama zilimba ndipo tikhoza kuwapulumutsa. Mukazengereza, mudzawatola pansi.”

“Ndiye si shuga?”

“Shuga yanu ili bwinobwino.”

“Nanga bipi?”

“Ngati ya mnyamata wa mpira.”

Laston anafunsa motsitsa kuti matenda amenewa amagwira anthu otani. Dokotala, wosadziwa kuti akuponda pa chilonda, anayankha zoona zokhazokha: kawirikawiri amagwira anthu amene njala yawapanikiza, osowa chakudya chokwanira. Anamupatsa timapiritsi m'kapepala ka pulasitiki, n'kumuuza kuti ayambe ndi zofewa, papaya wakupsa, madzi a mandimu, manachesi, ndipo asalume cholimba mpaka nkhama zitachira. Laston anapempha jekeseni. Anamuuza kuti sikufunika. Anati alipira. Anamuuza kuti aitane wotsatira.

Anatuluka mutu uli wa moto. Iye, Laston, wodya nyama tsiku ndi tsiku, kumuuza kuti akudwala matenda a njala! Zaka zonsezi akuthawa utenanti, ndiye kamtsikana kovala choyera kamubwezere komweko ndi mawu awiri. Timapiritsi taulere tija anatiyang'ana ngati tamutukwana, ndipo atafika pa ngalande ya kunja kwa mpanda anatitaya. Pa depoti amayi anali atayala manachesi milu milu. Anachepetsa liwiro, dzanja linalowa m'thumba, lilime likukankha dzino logwedera lija. Koma kondakitala wa minibasi ya ku Mkanda anali atamuona kale ndipo ankakuwa kuti bwana Laston, mpando wakutsogolo ndi wanu. Bwana wa mpando wakutsogolo sangakwere ndi jumbo la manachesi. Dzanja linatuluka m'thumba lopanda kanthu. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma lambe mwina analibe dokotala womuchenjeza.

Atatsika pa Mkanda anakumana ndi Kwacha, mnzake wa pa mowa, munthu amene ntchito yake yeniyeni inali kukhala pafupi ndi aliyense amene ali ndi kanthu m'thumba.

“Akupezani ndi chiyani, bwana?”

Laston anayang'ana anthu amene anali atayamba kusonkhana. Anakonza kolala.

“Shuga.”

“Ndinadziwa!” anatero Kwacha, akuomba m'manja ngati mnzake wapambana mayeso. “Ndalama zimenezi sizikanakusiyani choncho. Amphawife shuga ingatipeze kuti?”

Dzuwa lisanalowe msika wonse unali utamva. Anthu ankamupatsa moni ndi manja awiri. Mwini golosale anamuitana n'kukhala naye pakhonde, akuluakulu awiri kukambirana za matenda awo. Masiku angapo Laston anasangalala ndi ulemu umenewu kuposa mmene anasangalalira ndi china chilichonse m'moyo wake, uku akudzuka pilo ali ndi magazi. Nyama inamukanika kutafuna. Anatsala pa buledi woviika mu tiyi, ndipo tiyiyo tsopano anali wopanda shuga, poti mnyamata wa m'tiyirumu anakana kumuthirira.

Dzino lakumanja litayamba kupendekeka moti ankalimva likugunda mlomo poyankhula, mantha anaposa matama. Anadikira nthawi ya masana pamene msika umachita zii, n'kuzembera ku mabenchi a amayi, kumene anali asanapondeko chiyambire. Anaima pa benchi ya Esitere, mayi wogulitsa mapapaya, n'kuloza limodzi ndi chibwano.

“Ndi la mwana wa aneba,” ananama asanafunsidwe n'komwe.

Esitere anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Ayi bwana, pepani. Ndi shuga yanuyo mukafuna kulawako, mawa anthu azidzati Esitere wapha munthu. Mwanayo abwere yekha.”

Bodza limene analimanga yekha linali litamutsekera kunja. Mitengo ya mandimu ya pakhomo anali ataigwetsa yekha, ndipo aneba amene anali nawo ndi omwewo amene ankawanena kuti amakhala m'nkhalango. Anabwerera kunyumba akutsimphina, m'kamwa mukununkha dzimbiri.

Koma Esitere anali mnzake wa Veronika wa m'kwaya, ndipo madzulo omwewo anamuimbira foni. Veronika atamva kuti Laston waima pa benchi ya mapapaya, sanafunikire dokotala kuti amuuze kuti zinthu zafika poipa. Mtima wa munthu ndi wovuta. Mwamuna anamuchititsa manyazi pamaso pa alendo, koma anali bambo wa mwana wake. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anadzaza dengu n'kukwera kabaza.

Anafika dzuwa litapendeka n'kupeza pakhonde pali anthu. Kwacha anali atabwera ndi anzake kudzazonda wodwala, kuzonda kwake kodikira ngati pangatuluke ya botolo. Laston anali pa mpando wa ndalema, atafunda jekete, kampango pakamwa. Veronika anatula dengu, anagwada chapatali n'kupereka moni. Kenako anavundukula chitenje. Munali mapapaya awiri akupsa, achikasu, manachesi, malalanje ndi magwafa. Fungo lake linadzaza khonde lonse, ndipo m'kamwa mwa Laston munadzaza mate.

“Bambo a Linda, ndamva kuti simuli bwino. Ndabweretsa timeneti.”

Kwacha, amene udokotala wake anauphunzira pa bawo, anadzambatuka.

“Alamu! Mukufuna kutiphera bwana? Simunamve kuti ndi shuga? Munthu wa shuga zotsekemera ngati izi ndi poizoni!”

Veronika anayang'ana mwamuna wake, n'kudikira. Panangofunika mawu ochepa. Akanangoti anzanga, si shuga, ndinanama, patseni papayalo. Akanasekedwa sabata imodzi, mwina mwezi, kenako anthu akanapeza wina womuseka, iye n'kutsala ndi mano ake. Laston anayang'ana dengu. Anayang'ana nkhope za anyamata amene ankamutcha bwana. Lilime linakhudza dzino lija, ndipo linasuntha ngati chitseko chopanda loko.

“Mayi a Linda,” anatero kuseri kwa kampango, “mwakhala nane zaka zonsezi osandidziwa? Ine za anyani ndinayamba ndadyapo? Ndiye pano ndi shuga imeneyi? Apatseni anyamatawa.”

Anyamatawo sanadikire kuuzidwa kawiri. Kwacha anatulutsa mpeni n'kung'amba papaya, madzi akutsikira m'zigongono. Ena anagwira manachesi. Ankadya akuyamikira dothi la ku Ludzi, akulavulira njere pa simenti, akumupepesa bwana kuti matenda a ndalama ndi ankhanza. Laston anakhala pomwepo akumeza mate osakanikirana ndi magazi, akugwedeza mutu ngati munthu wamkulu woonerera ana akusewera. Veronika anaimirira, anati akapereke moni kwa Esitere ndipo adzatenga dengu pobwerera.

Dengu litatha, chifundo cha ozonda chinathanso. Anatsanzika n'kupita kukaonera mpira. Laston anamvetsera mapazi awo mpaka atazimiririka, kenako anatsika pa mpando mofulumira kuposa mmene mawondo ake ankalolera. Anafufuza m'dengu. Munali makoko okhaokha. Anatembenuza chikhungwa cha papaya, koma Kwacha anali atachipala mpaka kuoneka kuwala. Ali chokwawa choncho anaona pansi pa mpando gwafa mmodzi amene anagubuduka, wamng'ono, wobiriwira, wolimba ngati mwala, amene ngakhale anyamata aja anamukana.

Anayang'ana kumsewu, kunalibe munthu. Anamupukuta pa jekete. Mawu a dokotala oti asalume cholimba anawakumbukira bwino lomwe, ndipo m'nyumba munali mpeni ndi kamtondo koti akanatha kusinjira. Koma kulowa m'nyumba kunali kutali, ndipo wina akanatha kutulukira. Anatsegula kukamwa n'kuluma mwachangu ngati wakuba.

Sizinapweteke kwambiri. Anangomva kuti phwe, kenako kutentha kwa magazi pa lilime. Atachotsa gwafa pakamwa, dzino linali litatsalira momwemo, loyera bwino, lathunthu ndi muzu wake. Linzake linali likulendewera pa kanyama, likuyang'ana kumbali.

Mmene ankadzutsa mutu, Veronika anali ataima pa geti. Palibe akudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anayenda pang'onopang'ono, anatola dengu lake, n'kukhuthula makoko pa simenti ija. Anayang'ana gwafa, anayang'ana kukamwa kwa mwamuna wake, ndipo nkhope yake sinaonetse mkwiyo kapena chisoni.

“Mapapaya aja ndinachita kusankha ofewa,” anatero. “Ndinayenda midzi iwiri kuwafunafuna, kuti musavutike kutafuna.”

Anapinda chitenje n'kuchiika m'dengu, anati wakabaza akumudikira ndipo Linda ali yekha. Anatuluka n'kutseka geti bwinobwino. Laston anatsala atanyonyomala pakhonde, magazi akudontha pa jekete, gwafa ali m'manja, ndipo m'mutu mwake anali atayamba kale kukonza zoti akawauze anthu mawa kumsika.